Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko la Malawi lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo analamula kuti kuyambira pa 23 Malichi sukulu zonse, makoleji ndi mayunivesite zitsekedwe. Pa nthawiyo n'kuti munthu ngakhale m'modzi asanapezeke ndi matendawa m'dziko muno, pakuti odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Ophunzira ananyamula zikwama zawo ulendo wa kwawo, ambiri akuganiza kuti ndi tchuthi cha milungu yowerengeka. Amene anali m'chaka chomaliza analoledwa kubwerera pa 7 Sepitembala, ndipo otsalawo kuyambira pa 12 Okutobala. Mu Januwale 2021 mliri unabweranso mwamphamvu, sukulu n'kutsekedwanso kwa milungu ingapo.

Si Malawi yekha amene anachita izi. Bungwe la UNESCO linati mu Epulo 2020 ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni m'maiko oposa 190 anali pakhomo chifukwa cha kutsekedwa kwa sukulu. M'maiko ambiri makoleji anasamutsira maphunziro pa intaneti. Mphunzitsi amakhala kunyumba kwake, wophunzira kwawo, n'kumakumana pa foni kapena pa kompyuta kudzera pa Zoom, Moodle, Google Classroom ngakhalenso WhatsApp. Kuno kwathu makoleji ena anayesa njira yomweyo, pamene ena anangodikira kuti zipata zitsegulidwe.

Mliriwo unazilala, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 sinalinso ngozi yogwedeza dziko lonse. Koma unatisiyira funso lofunika kuti tiliganizire mofatsa. Ngati koleji ikudziwa kuti ena mwa ophunzira ake angathe kuphunzira pa intaneti koma ena sangathe, kodi n'chilungamo kupitiriza kuphunzitsa? Kapena chilungamo n'kuimitsa onse kufikira tsiku limene adzakhalenso pamodzi? Funso limeneli ndi lathu ife amayi, chifukwa ana amenewa anabwerera m'nyumba zathu, ndipo ambiri a ife ndife tinkamasula pa nsonga ya chitenje ndalama ya ndiwo kuti mwana agule mayunitsi.

Amene akuti maphunziro apitirire

Tiyeni tiyambe tamva mbali ya amene ankati maphunziro asaime, pakuti mfundo zawo si zachibwana ayi. Iwo ankati nthawi ikapita sibwerera. Wophunzira amene anayenera kumaliza mu 2020 akamaliza mu 2021, ndiye kuti banja limene linagulitsa mbuzi ndi chimanga pomulipirira fizi lidikira chaka chinanso lisanaone phindu la thukuta lake. Kumbuyo kwake kuli azing'ono ake amene akudikira kuti iye ayambe ntchito awalipirire. Kulinso ana amene anakhoza mayeso a Fomu 4 ndi kusankhidwa, koma sangalowe m'koleji chifukwa malo awo mudakali anzawo amene sanatuluke. Ndipo pa nthawi ya mliri, zipatala zimasowa anamwino ndi madokotala atsopano kuposa nthawi ina iliyonse.

Ankanenanso kuti kukhalitsa pakhomo kuli ndi ngozi zake, makamaka kwa mwana wamkazi. Kafukufuku amene boma linachita mu 2020 anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka, atsikana oposa 40,000 anatenga pakati ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Ambiri mwa amenewa anali a msinkhu wa pulayimale ndi sekondale, koma tikudziwa kuti ndi mtsikana wa ku koleji yemwe, akakhala pakhomo miyezi isanu ndi umodzi, achibale amayamba kufunsa kuti akudikira chiyani. Phunziro limodzi lobwera pa foni limamukumbutsa iye mwini, ndi apabanja pake omwe, kuti ulendo wake sunathe.

Mfundo yawo yomaliza ndiyo yovuta kuitsutsa. Ankafunsa kuti, kodi tikamuletsa kuphunzira mwana amene ali ndi foni ndi magetsi, mnzake wopanda zinthuzi wapindulapo chiyani? Palibe chimene walandira. Tangowonjezera chiwerengero cha ana ongokhala.

Amene akuti tidikirane

Mbali inayo nayo ili ndi mfundo zolemera. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, 84 pa 100 alionse ankakhala kumudzi, ndipo mabanja 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. Kafukufuku wina wa boma wa mu 2019 anaonetsa kuti anthu ogwiritsa ntchito intaneti sankakwana 15 pa 100 alionse. Pamwamba pa izi, mtengo wa intaneti unali ndi misonkho iwiri: wa 16.5 peresenti umene tinkalipira pa katundu wambiri, ndi wina wa 10 peresenti umene unakhazikitsidwa mu 2015 pa mauthenga a pa foni ndi pa intaneti. Pamenepa ndi pamene mliri unatipeza.

Tiyerekeze ana awiri a m'kalasi imodzi. Wina kwawo ndi m'tauni, ali ndi chipinda chake, laputopu ndi magetsi, ndipo makolo ake amamugulira bandulo ya mwezi wathunthu. Mnzake kwawo ndi kumudzi. Foni yake ndi yogula kwa munthu, batire lake silichedwa kutha, ndipo kuti aitchajitse ayenera kuyenda ulendo kupita pa malo ogulitsira malonda n'kulipira. Netiweki imagwira bwino pa chulu kapena pansi pa mtengo wina kunja kwa mudzi. Phunziro la pa Zoom la ola limodzi likhoza kumumalizira bandulo imene anaigula ndi ndalama ya ganyu. Mphunzitsi akafunsa ngati onse amva, amene amayankha ndi woyamba uja, chifukwa winayo foni inamuzimira phunziro lili pakati.

Ana awiriwa analemba mayeso amodzi a MSCE, ndipo mwina wakumudziyo ndiye anakhoza bwino koposa ngakhale ankawerengera koloboyi. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, chifukwa mumchenga amene watsogola ndi mapazi ochepa chabe sumupezanso. Amene ankati tidikirane ankaona kuti kuphunzitsa pa intaneti m'dziko ngati lathu kuli ngati kuliza wezulo pamene othamanga ena sanafike n'komwe pa mzere.

Zimene koleji imapereka koma sizilembedwa pa risiti

Kuti tiweruze bwino mlanduwu, tiyenera kufunsa kuti koleji n'chiyani. Ambiri timaganiza kuti mwana amapita ku koleji kukamva zimene aphunzitsi akunena. Zikanakhala choncho, foni ikanakwanira, chifukwa mawu amayenda bwino pa foni. Koma mliri unatiululira kuti koleji imagwira ntchito ina mwakachetechete, imene sitinkaiona chifukwa tinaizolowera.

Pa koleji, mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi amakhala pa benchi imodzi. Nyali ya mu laibulale imaunikira onse mofanana, ndipo buku la pa shelefu silifunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji. Ngakhale amene anasowa malo ogona pa sukulu n'kumachita lendi, monga ophunzira ambiri a ku Zomba amene amakhala ku Chikanda, m'mawa amalowa pa chipata chomwecho ndi anzawo n'kupeza zonse zimene anzawo akupeza. Amene alibe laputopu amabwereka kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Amene sanamve m'kalasi amakamva madzulo pokambirana ndi anzake. Mphunzitsi naye amaona nkhope, ndipo amadziwa kuti apa ana asokonezeka ngakhale palibe amene wakweza mkono.

Kusiyana kwa olemera ndi osauka sikutha pa koleji, koma kumachepa kwa miyezi ingapo pa chaka, ndipo m'miyezi imeneyo ndi m'mene nzeru za mwana wosauka zimaonekera. Pamene maphunziro anasamukira pa intaneti, mawu a mphunzitsi anasamuka, koma nyali, benchi, laibulale ndi anzake zinatsala kuseri kwa chipata chokiyidwa. Mwana aliyense anauzidwa kuti adzipezere yekha zimenezi kwawo, ndipo makwawo a ana athu safanana.

Palinso maphunziro ena amene foni singawanyamule. Mzamba saphunzira kuchiritsa mayi poonera kanema. Ayenera kuima m'chipinda chochirira pambali pa mzamba wodziwa, manja ake azolowere. N'chimodzimodzi wophunzira za ulimi, za zomangamanga, za mu labotale, ndi mphunzitsi amene ayenera kukaima pamaso pa ana enieni. Aphunzitsi a m'makoleji nawonso tiwamvere chisoni, chifukwa ambiri anaphunzitsidwa kuphunzitsa m'kalasi, ndipo analowa m'njira yatsopanoyi mwadzidzidzi, magetsi akuzimazima ngati kwa wina aliyense.

Mwana wamkazi akakhala pakhomo

Pa zinthu zonse zimene koleji imapereka, chachikulu kwa mwana wamkazi ndi nthawi. Ku koleji palibe amene amamutuma kumjigo kapena kuchigayo pa nthawi ya phunziro. Akabwera pakhomo, zinthu zimabwerera mwakale. Ife tomwe amayi, poona kuti manja awonjezereka, timapumira m'mwamba n'kumupatsa mtsuko, nkhuni, mphika ndi mwana wa mchemwali wake. Kukakhala wodwala m'nyumba, wodwazika amakhala iyeyo. Mchimwene wake akakhala pa khonde ndi foni timati akuwerenga, koma iye akatero timati akuchita ulesi, kapena timayamba kumukayikira kuti akucheza ndi amuna.

Tisafulumire kudziweruza mopitirira, chifukwa ntchito zapakhomo ndi zenizeni ndipo wina ayenera kuzigwira. Mayi amene wakhala akuzisenza yekha sakulakwa kufuna thandizo. Komabe tiyenera kuona kuti pamenepa pali kusiyana kwachiwiri. Kuwonjezera pa kusiyana kwa mwana wa m'tauni ndi wakumudzi, m'nyumba imodzi momwemo mwana wamwamuna ndi wamkazi sayambira pamodzi. Koleji ikhoza kupereka bandulo yofanana kwa onse awiri, koma singapereke maola. Maola ali m'manja mwa makolo.

Mayeso amayesa chiyani?

Chilungamo cha nkhaniyi chimaonekera kwenikweni pa mayeso. Kutumiza phunziro kwa amene angalilandire si kulakwa, monga momwe sikulakwa kupatsa chakudya mlendo amene wafika ngakhale ena ali m'njira. Vuto limayamba pamene koleji yalembetsa onse mayeso amodzi pa zinthu zimene ena anazilandira ndipo ena sanazilandire, kenaka n'kulemba pa pepala kuti uyu wakhoza, uyu walephera.

Pepala limenelo limakhala ndi munthu moyo wake wonse. Wolemba ntchito akadzaliona patapita zaka khumi, sadzadziwa kuti mwanayu ankaphunzirira pa chulu. Adzangoti ndi wofooka m'mutu. Apa ndiye kuti koleji yachitira umboni chinthu chimene si choona, chifukwa yayesa chuma cha makolo n'kuchitcha nzeru za mwana. Ndipo mwana amene wachotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso otere amabwerera kumudzi ndi manyazi amene si ake, mwinanso ndi ngongole ya boma ya fizi imene adzayenera kubweza.

Tsono chilungamo chili pati?

Kudikira kuti onse akhale ndi magetsi ndi intaneti tisanaphunzitse aliyense n'kosatheka, pakuti tingadikire zaka zambiri ndipo ovutika kwambiri ndi kudikirako angakhale osauka omwewo. Kupitiriza ngati kuti onse ali ndi zipangizo nakonso n'kudzinamiza. Ine ndikuona kuti koleji ili ndi ufulu wopitiriza kuphunzitsa, koma ufulu umenewu umabwera ndi ngongole. Tsiku limene koleji inalandira mwana ndi kutenga fizi yake, inalonjeza kumuphunzitsa iyeyo, osati okhawo amene ndi osavuta kuwafikira. Zipata zikatsekedwa lonjezolo silitha. Choncho pokonza njira yophunzitsira, ayambe aganiza za wophunzira amene ali kutali kwambiri, chifukwa njira imene yafika kwa iyeyo yafika kwa onse.

Zimenezi si zachilendo m'dziko muno. Mu 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education kapena kuti MCDE. Ambiri a ife tikukumbukira timabuku ta maphunziro timene anthu ankatitcha maseti, ndi maphunziro amene ankaulutsidwa pa wailesi ya MBC. Anthu ambiri amene sanapeze malo ku sekondale anapeza satifiketi mwa njira imeneyi. Amene anakonza njirayi anayamba afunsa kuti munthu wakumudzi ali ndi chiyani, ndipo anapeza kuti ali ndi positi ofesi ndi wailesi. Mu 2020 maiko ambiri anayambira kumapeto kwina. Anayamba ndi chipangizo chimene chinalipo kale m'manja mwa opeza bwino, n'kuyembekezera kuti otsalawo adzionera okha.

Maiko ena anayesa kubweza ngongoleyi. Ku South Africa, nduna yoona za maphunziro a ukachenjede pa nthawiyo, a Blade Nzimande, inalengeza mu Meyi 2020 kuti ophunzira amene amathandizidwa ndi boma azilandira bandulo ya 10GB ya masana ndi 20GB ya usiku mwezi uliwonse kwa miyezi itatu, ndipo mayunivesite ena anabwereketsa malaputopu kwa ophunzira osowa. Sizinathetse mavuto onse, pakuti bandulo sibweretsa netiweki kumene kulibe, koma zinasonyeza kuvomereza kuti mtolo wofikira wophunzira suyenera kugwera wophunzira yekhayo.

Kwa ife, kubweza ngongoleyi kungatanthauze zinthu zosafuna ndalama zambiri. Phunziro lijambulidwe m'mawu okha kapena lilembedwe, kuti mwana alitenge kamodzi pamene wapeza netiweki n'kukalimvera nthawi imene angathe, m'malo moumiriza onse kukhala pa Zoom ola limodzi. Zolembedwa zisindikizidwe pa mapepala n'kutumizidwa m'maboma. Makoleji akambirane ndi makampani a mafoni kuti masamba a maphunziro azitsegulidwa kwaulere. Koposa zonse, mayeso amene angachotsetse mwana sukulu asalembedwe kufikira amene anatsalira atapatsidwa nthawi yokwanira yobwereza ndi aphunzitsi awo maso ndi maso. Mwana amene anali ndi zonse sataya kanthu pobwereza milungu ingapo. Mnzakeyo akapanda kupatsidwa milungu imeneyo akhoza kutaya tsogolo lonse.

Gawo lathu ife amayi

N'kosavuta kuloza chala boma ndi makoleji, koma mbali ina ya ngongoleyi ili pakhomo pathu. Mwana amene ali pakhomo pa nthawi ya teremu ndi wophunzirabe, sali pa tchuthi. Tikhale naye pansi, atiuze maola amene ali ndi phunziro, ndipo maola amenewo tiwalemekeze monga tikanachitira akanakhala ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu. Ntchito zapakhomo zigawidwe kwa ana onse. Mnyamata amene watunga madzi kuti mlongo wake amalize phunziro sanachepe ayi. Abambo nawo tiwafotokozere zimenezi mwaulemu, chifukwa kawirikawiri foni yabwino ndi ndalama ya mayunitsi zimayamba zafika kwa mwana wamwamuna.

Tiyang'anenso kunja kwa mpanda wathu. Pali mwambi woti mwana wa mnzako ndi samba m'manja, wako ndi ingodya, umene umadzudzula mtima wokondera. M'mudzi kapena m'dera lililonse muli nyumba imene ili ndi magetsi kapena sola, ndipo muli mwana wa ku koleji amene alibe potchajira foni kapena powerengera usiku. Soketi imodzi ndi mpando umodzi zikhoza kupulumutsa chaka cha mwana. Magulu athu amene amasonkha ndalama pa maliro, pa ukwati ndi pa matenda angathenso kusonkherana ya bandulo ya mwana wamasiye amene ali m'chaka chomaliza. Ndipo amayi amene ali m'makomiti a sukulu, kapena amene ndi aphunzitsi ndi anamwino, ali ndi mwayi wofunsa akuluakulu funso limene ophunzira amaopa kufunsa: kodi amene sanafikiridwe mwawakonzera chiyani?

Tisaganize kuti nkhaniyi inatha ndi Covid-19. Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za pulayimale ndi sekondale m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu m'maboma a m'chigawo cha kummwera. Tsoka silinunkha, ndipo tsiku lina zipata za makoleji zikhoza kutsekedwanso. Komanso ngakhale popanda mliri, makoleji ambiri tsopano akuphunzitsa ena mwa ophunzira awo ali kutali, moti funso la amene ali ndi foni, magetsi ndi nthawi likhala nafe. Nkhanga zinapangana kusanache. Ndi bwino tikambirane lero, mitima ili m'malo, kuti tsikulo likadzafika tidzadziwe chochita ndi ana athu ndi ana a anzathu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. M'dera lathu, ndi ana angati amene ali ku koleji, ndipo ndi angati mwa iwo amene angathe kuphunzira pa intaneti ali pakhomo? Amene sangathe akusowa chiyani?

2. M'nyumba mwathu, ntchito timazigawa bwanji pakati pa ana aamuna ndi aakazi pamene onse ali ndi zowerenga?

3. Mwana wanu atakhala kuti ali ndi zonse zofunika, kodi mungavomere kuti mayeso ake achedwe ndi mwezi umodzi podikira anzake? Chifukwa chiyani?

4. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene gulu lathu lingayambe mwezi uno pothandiza wophunzira wosowa wa m'dera lathu?